A Mbewe a Kapoche Jazi Sanathamangitse Munthu

Pa maliro a bambo Yotamu Mbewe mwezi wathawu, mkulu wa mpingo amene anasankhidwa kunena mbiri ya malemu anati iwo anachokera ku Malawi. Si zoona. A Mbewe anabadwira ku Katete, kum'mawa kwa Zambia, ndipo anafika muno mu Harare mzindawu ukudziwikabe ndi dzina lake lakale. Mkuluyo ananenanso kuti masipika a bandi yawo anakhomedwa ndi matabwa a bokosi la maliro, anthu n'kuseka chapansipansi m'tchalitchi. Imeneyonso ndi nthano ya m'mabawa. Matabwawo anali a makireti amene munkabwera zitsulo za magalimoto ku Willowvale, ndipo misomali yake ndinazula ndine ndi manja angawa. Zolakwa ziwirizi ndinamuuza mkuluyo pakhomo pa tchalitchi tisananyamuke kupita kumanda, pakuti aliyense wa ku Highfield amene amandidziwa akudziwanso kuti sindilola mbiri kupotozedwa ine ndili pomwepo.

Koma panali chinthu china chimene ananena, ndipo chimenecho sindinachikonze. Anati a Mbewe pa masiku awo amphamvu anali munthu wa mtima wapachala, amene anathamangitsa anyamata onse a m'bandi yawo chifukwa cha nsanje ataona kuti ayamba kuwaposa luso, ndipo kuti Ambuye anachita kuwafewetsa mtima atakalamba. Anthu anagwedeza mitu kuvomereza. Esinati, mwana wamkazi wa malemu, anangozolika. Ine ndinali pa benchi yachiwiri, buku la nyimbo lili m'manja, ndipo ndinakhala chete monga ndakhalira chete zaka zoposa makumi anayi. Tsono ndilembe pano: a Mbewe sanathamangitse munthu. Ndife amene tinawachotsa m'bandi imene anaiyambitsa okha, ndipo kalata yowachotsa ndinalemba ndine.

Achinyamata a masiku ano, amene amajambula nyimbo pa foni ali chogona, sangamvetse msanga chimene chinatilekanitsa ndi a Mbewe, choncho ndiyenera kulongosola. Ufulu utangobwera kumene, lokeshoni iliyonse inali ndi mabandi, koma mabandi ambiri analibe ngakhale waya wawowawo. Mwini bawa la mowa kapena mwini hotela ankagula magitala, ng'oma ndi masipika, n'kuzitsekera m'chipinda ndi loko, ndipo oimba ankafika ndi manja okha ngati aganyu. Akamaliza kuimba ankabweza zonse. Bandi yokhala ndi zida zakezake, yokhoza kupita kumene yafuna osapempha munthu, ine ku Highfield ndinkadziwa imodzi yokha, ndipo inali yathu.

Zida zathuzo, kunena zoona, sizinali zokongola. A Mbewe ankagwira ntchito yolumikiza mawaya a magalimoto ku Willowvale, ndipo chilichonse chotayidwa kumeneko chinkathera kuseri kwa nyumba yawo. Ampulifaya anaipanga ndi zotsalira za mawailesi a m'galimoto, naiika m'bokosi la chitsulo limene kale munkakhala masipanala. Sinkadya magetsi a kukhoma. Inkayendera mabatire a galimoto, atatu, olemera ngati miyala, amene ankawatchaja kuntchito kwawo mkati mwa sabata. Magitala anagula akufa, nawadzutsa. Ng'oma anakunga okha ndi zikopa za ng'ombe zogula ku Mbare. Tikafika pamalo n'kuyamba kutsitsa katundu, anthu ankafunsa ngati tabwera kudzakonza galimoto.

Oimba anali anayi, osati asanu ndi mmodzi monga ena amanenera. A Mbewe ankaimba pakamwa ndi kuliza gitala lachiwiri. Gitala lotsogolera linali la Gibisoni, wobadwira muno, amene Chishona chinkamuyenda pakamwa kuposa Chinyanja cha makolo ake. Gitala la bezi ankaliza Faniwelo, munthu wosalankhulalankhula. Pa ng'oma panali Zuze wa ku Epworth, amene banja lake linathawa nkhondo ku Tete. Dzina la bandi lakuti Kapoche Jazi a Mbewe analitenga pa mtsinje umene umachokera kwawo kwa a Mbewe n'kutsikira kwawo kwa Zuze. Ankati ngati madzi sanyamula chitupa powoloka malire, nyimbo nayonso isafunsidwe chitupa. Ine sindinkaliza kanthu. Ndinali nditamaliza Fomu 4, ndili kalaliki pa fakitale ina, choncho ndinkalemba makalata a bandi ndi kulengeza nyimbo pa maikolofoni. A Mbewe sananditchulepo dzina langa. Kwa iwo ndinali "alembi", ndipo ankatchula mwaulemu kwambiri moti nthawi zina sunkadziwa ngati akukulemekeza kapena akukuseka.

Munthu wofuna kulowa m'bandi sankamupatsa gitala tsiku loyamba. Ankamupatsa waya woduka ndi chitsulo chowotcherera, chimene ankachitenthetsa pa mbaula, namuuza kuti alumikize. Gibisoni, amene anali kale katswiri, anakhala milungu itatu akupsa zala asanaloledwe kukhudza nsambo. Maganizo awo anali akuti woimba wosadziwa kukonza chida chake ndi mlendo pa chidacho, ndipo mlendo akhoza kuuzidwa tsiku lililonse kuti nthawi yocheza yatha. Ankakondanso kunena kuti woliza gitala la mwini amaimba kufikira tsiku limene mwiniyo wadzuka ndi mutu. Mawu amenewa tinawamva kawirikawiri moti Gibisoni ankawamalizira iwo asanafike pakati.

Tinkaphunzira nyimbo Lamlungu masana, mapemphero atatha, pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba yawo. Sankawerenga "wani, thu" monga mabandi ena. Ankangomenya chidendene pansi kanayi, fumbi n'kudzuka, nyimbo n'kuyamba. Wolakwitsa sankamukalipira. Ankasiya kuliza, n'kumuyang'ana, n'kumufunsa ngati kunyumba onse ali bwino. Mphamvu ya batire ankaidziwa mwa kukhudzitsa waya pa chitsulo n'kuyang'ana mtundu wa moto wake, ndipo sindikumbuka kuti analakwitsapo. Akuluakulu a mpingo anawaitana kawiri pa mlandu wovinitsa akhristu. Kawiri konse anapita atanyamula zida zokonzera, nabwerako atakonza belu la njinga ya abusa, mlandu osamveka mathero ake. Akazi awo, mayi Naphiri, ndiwo okha amene sankawagonjera, ndipo nkhondo yawo inali ya zitenje zimene zinkasowa pa chingwe n'kupezeka zitakulunga magitala.

"A bambo a Esinati, chitenje changa cha ku chigwirizano chili kuti?"

"Chili pa ntchito ya Mulungu, mayi."

"Gitala limenelo linabatizidwa liti?"

Mkangano wanga ndi iwo unali wa chilankhulo. Nyimbo zawo zonse zinali za Chinyanja: za sitima yochedwa, za mlamu waulesi, za mkazi wodikira kalata yochokera ku Halale. Pa maukwati a anthu akwathu ku Mufakose, ku Mabvuku ndi m'mapulazi, nyimbozi zinkagwetsa anthu misozi ndi kuwavinitsa nthawi yomweyo. Koma masikuwo anali a mbendera yatsopano, ndipo aliyense ankafunsidwa kumene kuli mudzi wake. Ife zitupa zathu zinkanena kuti ndife alendo, ngakhale ena a ife amene tinabadwira m'chipatala cha muno. M'mabasi ankatitcha mabwidi, ankatitcha Manyasarande, osasiyanitsa wa ku Katete, wa ku Tete kapena wa ku Dedza. Kuntchito ine ndinalola anzanga kukhulupirira kuti kwathu ndi ku Mutoko, kwa Mashona. Tsono ndikaima pa maikolofoni ndi Chingerezi changa chosalala, kumbuyo kwanga mkulu wa ovolosi n'kuyamba kuimba za mlamu waulesi, nkhope yanga inkatentha.

Ndinawauza tsiku lina kuti tiyenera kuyenda ndi nthawi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, pakuti sankadula munthu mawu.

"Alembi," anatero, "nthawi imeneyo ikupita kuti?"

"Kutsogolo, a Mbewe."

"Aa, ndiye ikakafika itilembere kalata. Inu mudzatiwerengera."

Anyamata anaseka. Ine sindinaseke, ndipo ndikuvomereza lero kuti kuseka kumeneko ndinakusunga mumtima.

Mwini bawa lina lalikulu pa Machipisa, pamasitolo a ku Highfield, amene sinditchula dzina lake chifukwa ana ake alipo, anali atagula zida zatsopano zochokera kunja. Anatiitana Loweruka lina masana, ife anayi, popanda a Mbewe, natsegula chipinda. Munali magitala ofiira onyezimira ngati galimoto yatsopano, ng'oma zisanu ndi mbale zake zamkuwa, masipika otalika kufika m'khosi mwanga, ndi mayunifolomu a buluu atapachikidwa pakhoma. Gibisoni ananyamula gitala limodzi monga munthu anyamulira khanda la mwini wake.

Mwini bawayo anati zonsezi ndi zathu, tiziimba kwa iye kumapeto kwa sabata iliyonse. Anangopempha kuti bandi itenge dzina la bawa lake, ndi kuti tiziimba Chishona ndi rumba, za Chinyanja tizisiya kunyumba. Kenaka anatsitsa mawu nati, "Asi mudhara wenyu uya, kwete." Mkulu wathu uja sankamufuna. Anati amaoneka ngati makanika wosochera, ndipo akatsegula pakamwa makasitomala adzayesa kuti alowa m'bawa la mabwidi. Zuze yekha ndiye anafunsa ngati sitingayambe tawauza a Mbewe n'kumva maganizo awo. Ndinamuyankha ine, ndi mawu ambiri aluso, za tsogolo, za wailesi, za malekodi, mpaka anagonja. Pa anayi tonse wophunzira ndinali ine, ndipo maphunziro anga ndinawagwiritsa ntchito pamenepo.

Kalatayo ndinaitaipa pa makina a kuntchito, m'Chingerezi, ngakhale ndinkadziwa kuti a Mbewe Chingerezi ankachiwerenga movutikira. Ndiyesa ndicho chifukwa chake ndinachisankha. Tonse tinasaina. Popeza panalibe wofuna kukaipereka, ndinapita nayo ndekha Lamlungu masana. Ndinawapeza pansi pa mtengo uja atayala kale zida, mipando itaikidwa m'malo mwake, iwo akuwotcherera waya. Mayi Naphiri ankasita zovala pakhonde.

"Anzanu ali kuti, alembi?"

Ndinawapatsa envulopu. Anaitembenuza kawiri osaitsegula, nandibwezera.

"Manja anga ndi akuda. Werengani."

Ndinawerenga m'Chingerezi, mofulumira.

"Zamveka bwino ngati nkhani za pa wailesi. Tsopano m'chilankhulo cha amayi anu."

Ndinayamba kufupikitsa, koma anakweza chitsulo chija m'mwamba.

"Ayi, mzere ndi mzere. Mwavutika kulemba."

Choncho ndinaima padzuwa, nditavala taye, n'kumasulira mawu anga omwe. Mawu amene pa pepala ankaoneka aulemu, m'Chinyanja anatuluka ali maliseche. Pamene ndinalemba kuti bandi yaganiza zosintha kayendetsedwe kake, pakamwa panatuluka kuti takuchotsani. Pamene ndinalemba kuti tikuthokoza ntchito yanu ya zaka zambiri, panatuluka kuti mwakalamba. Simbi ya mayi Naphiri inaleka kuyenda. Nditamaliza, a Mbewe anabwezera chitsulo pa mbaula, nayang'ana mipando ija.

"Dzina mwalitenga?"

"Ayi, tikhala ndi lina."

"Chabwino. Mukamuuze Faniwelo kuti waya wa bezi uli kwa iye, aubweze. Si wake."

Anawerama n'kupitiriza ntchito. Ndinadikira kuti anditukwane, pakuti chipongwe chikanandipatsa chokauza anzanga. Mayi Naphiri ndiwo anayankhula, osandiyang'ana. "Mupite bwino, mwananga. Moni kwa amayi anu."

Bodza lija linabadwa sabata yotsatira, ndipo malo ake enieni ndikuwadziwa: pa kauntala ya bawa lija, pafupi ndi khomo. Munthu wina wakwathu, amene tinaimbapo pa ukwati wa mwana wake, anandigwira mkono n'kufunsa kumene tasiya mkulu wathu. Panali anthu akumva. Ndinati mkuluyo anatithamangitsa, nsanje inamukulira ataona luso la Gibisoni. Sindinakonzekere, mawuwo anangotuluka, osalala, okhala ndi mutu ndi miyendo. Munthuyo anapukusa mutu nati akuluakulu ena ndi otero. Pofika mwezi wotsatira ndinaimva nkhaniyo ku Mbare kwa munthu amene sankandidziwa, itanenepa, ili ndi tsiku lake ndi mawu amene a Mbewe akuti anatinena. A Mbewe nawonso anaimva. Sanaitsutse kwa aliyense.

Pa bawa lija sitinathe chaka. Mwini wake anapeza anyamata ena odziwa rumba kuposa ife, natiuza kuti tisiye mayunifolomu kwa mlonda. Gibisoni anayendayenda m'mabandi a eni ake mpaka anamwalira alibe gitala lakelake. Faniwelo anapita kumigodi, ndipo Zuze anasiya ng'oma n'kuyamba kuswa miyala. A Mbewe anapitiriza kuimba pa maukwati ndi anthu ena amene anawaphunzitsa kuwotcherera waya, mpaka zala zinawakana. Ine ndi iwo tinapemphera tchalitchi chimodzi zaka zonsezi. Lamlungu lililonse ankandipatsa moni ndi manja awiri: "Mwauka bwanji, alembi?" Makalata awo a kuboma ndinkawalembera ndine, ndipo ndinkadziuza kuti kumeneko ndiko kupepesa. Sikunali kupepesa. Kawiri ndinafika pa geti lawo nditakonza mawu, ndipo kawiri konse tinakamba za mvula.

Sabata yatha ndinapita kukaona Esinati. Mtengo wa mapeyala anaudula kalekale, ndipo pamene panali mthunzi wake pamangidwa zipinda ziwiri za lendi. Zida zinapita kwa ogula zitsulo zakale a Mbewe akadali moyo, atavomera okha. Chatsala ndi kamalo kakang'ono pafupi ndi mpanda, pamene ankakhazika mabatire. Asidi anadya nthakayo, moti kapinga wamera ponseponse koma pamenepo wakana. Esinati akuti anayesa kubzalapo mpiru, osamera. Ndili chiimire pamenepo ndinamuuza zonse, za kalata ndi za pa kauntala. Anandimvetsera mpaka kumapeto, monga atate ake.

"Tinkadziwa, sekuru," anatero, akunditchula monga Mashona atchulira akulu. "Amayi anatiuza tili aang'ono. Atate ndiwo anatiletsa kunena. Ankati alembi adzakonza okha."

Kenaka anawonjezera kuti ku maliro kuja, asanazolike, anayang'ana kumene ndinakhala, kudikira kuti ndikonze.

Komabe a Mbewe sanadikire imfa kuti mawu awo a gitala la mwini atsimikizike. Zinachitika patangopita miyezi inayi chilembere kalata ija, ndipo tsiku limeneli ndaliika kumapeto chifukwa ndilo landivuta kulemba. Munthu wanzeru akanabweza bodza lake tsiku lomwelo.

Rozina, mlongo wake wa Zuze, ankakwatiwa ku Epworth. Zuze anali atalonjeza amalume ake kuti bandi yake idzaimba, ndi zida zochokera kunja, kuti akuchimuna, amene anali Mashona a ku Seke, aone kuti nafenso ndife anthu. Atsikana operekeza mkwatibwi anaphunzira masitepe ovina mwezi wathunthu, Zuze akuwaombera chitini, ndipo zinagwirizanidwa kuti mkwatibwi sadzatuluka m'nyumba kufikira bandi italiza nyimbo yomutulutsira. Mwini bawa tinamupempha zida kutatsala milungu itatu. Anatimenya pamapewa nati palibe vuto.

Loweruka m'mawa tinafika pa Machipisa, anyamata ali m'mayunifolomu, ine ndili mu suti yanga yotuwa. Chipinda chinali chotsegula, mulibe kanthu kupatula mipando yothyoka. Mlonda anati zida zapita mbandakucha pa lole. Bwana akutsegula bawa latsopano kumudzi kwawo ndipo watenga oimba ena. Zuze anakhala pansi pa simenti nagwira mutu. Sanalire mokweza, ankangobwereza kuti Rozina wavala kale. Gibisoni anatukwana m'Chishona mpaka mawu anamuthera. Kenaka onse atatu anandiyang'ana ine, pakuti ndine amene ndinkadziwa kuyankhula.

Tinalunjika kwa a Mbewe, n'kuwapeza akutsuka njinga. Ndinalowa ndekha. Anakweza mutu nayang'ana anyamata a buluu aja, amene anaima kunja kwa geti osalimba mtima.

"Apolisi awa akufuna ndani?"

Ndinafotokoza, ndipo tsiku limenelo mawu aluso sanabwere.

"Ukwati uli kuti?"

"Ku Epworth, kwa Zuze."

"Nanga zida za kunjazo mukanazilumikiza pati? Pa mwala?"

Mpaka nthawi imeneyo panalibe mmodzi wa ife amene anakumbukira kuti kwa Zuze kulibe magetsi, ngakhale Zuze mwini wake. Tinali titazolowera kuti zida zimangolira paliponse pamene a Mbewe aziika, m'dambo, m'munda, pa bwalo la pulazi, ndipo sitinadzifunsepo chifukwa chake. Ine wa Fomu 4 ndinali nditalemba ndandanda ya nyimbo, nthawi yonyamukira, ngakhale mawu olonjera alendo m'zilankhulo zitatu.

A Mbewe anapukuta manja pa ovolosi. "Rozina sanasaine kalata," anatero. "Gibisoni, lowa, usaime ngati mbala. Tenga masipika. Alembi, mabatire ndi anu."

Mabatirewo anali odzaza, onse atatu. Miyezi inayi alibe bandi, ankawatchajabe sabata iliyonse. Anapempha kalole ka mnansi wawo wogulitsa nkhuni, ndipo ine ndinakhala kumbuyo, batire limodzi lili pamiyendo, awiri nditawapanikiza ndi mapazi. Pa msewu wokumbika wolowera ku Epworth asidi anatayikira pa buluku la suti yanga n'kuyamba kudya nsalu.

Tinafika dzuwa litadutsa paliwombo. Akuchimuna anali atatopa pa mabenchi, akunong'onezana. Amalume a Zuze mawu opepesa anali atawathera. M'nyumba Rozina ndi atsikana ake ankatuluka thukuta m'zovala zoyera. Pamene tinatsitsa mabokosi a makireti, mkulu wina wa kuchimuna anafunsa mokweza ngati zimenezi ndizo zida za kunja zija. A Mbewe sanamve, kapena anachita ngati sanamve. Analumikiza mawaya, nakhudzitsa umodzi pa chitsulo, moto wa buluu n'kuthetheka. Anapatsa aliyense chida chake chakale osamuyang'ana kumaso. Anamenya chidendene kanayi.

Anaimba nyimbo yawo ya Chinyanja yotulutsira mkwatibwi, ndipo zinapezeka kuti ndi yomweyo imene atsikana anaphunzirira masitepe, pakuti Zuze analibe ina yowaombera pa chitini. Chitseko chinatseguka. Amayi a ku Tete anayamba nthungululu, ndipo nyimbo isanafike pakati, akuchimuna aja, amene sankamva mawu ake, anali m'bwalo, mkulu wofunsa uja ali patsogolo, jekete lili m'manja. Zuze ankaomba ng'oma misozi ikutsika. A Mbewe anaimba masana onse, akusintha batire likafooka, ndipo kwa ife sananene kanthu kupatula mayina a nyimbo.

Dzuwa litapendeka, batire lachitatu lili pafupi kutha, amalume a Zuze anaimirira kuthokoza. Anathokoza abusa, ophika ndi akuchimuna, kenaka anatembenukira kwa ife.

"Nanga bandi yatichotsa manyaziyi, tiithokoze ndi dzina liti? Mwana wathu anatiuza kuti munasintha."

A Mbewe anachotsa maikolofoni pa mtengo wake nandipatsa ndi manja awiri.

"Funsani alembi. Mayina amasunga ndiwo."

Ndinaima pakati pa bwalo, buluku lili mabowomabowo, anthu onse ali chete. Dzina la bawa sindikanalitchula pamaso pa mabokosi amenewo. Dzina lakale silinalinso langa kuti ndilitchule. Ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinamveka m'masipika, kufika kumiyala ya kuseri kwa nyumba, chinali kupuma kwanga kokha. Ndinapuma chotero kanthawi kotalika ndithu, mpaka a Mbewe anatambasula dzanja n'kuzimitsa ampulifaya, nauza amalumewo kuti batire latsala la nyimbo imodzi, ndipo imeneyo ndi ya mkwatibwi.